Pasipoti ndi mphepo ndi zimene zisankhe kopita, tikiti ibwere pambuyo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga lonse pamodzi ndi mayankho amene ena apereka kale. Mwanena kuti mwakhala mukuphunzira windsurfing, masewera oyenda pamadzi pa bolodi ya thanga lokankhidwa ndi mphepo, ku Vaal Dam komanso ku Langebaan kufupi ndi Cape Town pa tchuthi cha Disembala, ndipo tsopano mukufuna kukasewera kutsidya kwa nyanja masiku pafupifupi khumi. Mtima wanu uli ku Tarifa kapena ku Greece chifukwa cha mavidiyo a pa YouTube, ndipo mukufunsa ngati kunyamula bolodi ndi matanga anu kungachepetse ndalama. Ambiri akuyankhani za mitengo ya matikiti a ndege, koma kwa ine tikiti ndi nkhani yachitatu, chifukwa patsogolo pake pali mapepala amene muli nawo ndiponso miyezi imene mphepo imawomba kumene mukupitako.

Ndiyambe ndi mapepala, popeza ndi pamene ife a pasipoti ya Malawi okhala kuno ku Johannesburg timatayira ndalama zambiri tisanakwere n'komwe ndege. Tarifa ndi Fuerteventura ndi madera a Spain, Vassiliki ili ku Greece, nyanja ya Garda ili ku Italy, ndipo maiko onsewa amafuna viza ya Schengen, imene imalowetsa munthu m'maiko ambiri a ku Ulaya. Kuyambira mu Juni 2024 viza imeneyi munthu wamkulu amalipira mayuro 90, osawerengera ndalama ya ofesi yolandira mafomu, ndipo akakukanani ndalamayo sibwerera. Amafunanso inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, sitetimenti ya ku banki, kalata ya kuntchito, malo ogona osungitsiratu, ndi umboni woti mumakhala mu South Africa movomerezeka. Munthu amene pemiti yake yatsala pang'ono kutha angathe kusonkhanitsa zonsezi n'kubwezedwa, ataluza kale ndalama zimene zikanamukwanira kubwereka zida sabata yathunthu kwina. Sindikunena kuti Ulaya ndi wosatheka, koma si ulendo woyamba wa munthu wowerengera randi iliyonse, makamaka poti miyezi ya Julayi ndi Ogasiti ndi imene azungu ambiri amakhala pa tchuthi ndipo chipinda chogona chimakwera mtengo koopsa.

Pali nkhani ina yoposa viza, imene m'gulu muno sitikonda kuikamba poyera. Kutuluka mu South Africa n'kosavuta, vuto ndi kubwerera. Malamulo a 2014 amanena kuti amene wapitirira masiku a chilolezo chake ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo amene wapitirira masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Chiletsochi amakudindirani pa bwalo la ndege pomwe mukutuluka, nyumba ndi ntchito zili ku Rosettenville kapena ku Randburg. Choncho musanachite china chilichonse tsegulani pasipoti, muone tsiku lothera pemiti, muonenso ngati pasipotiyo ili ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala komanso masamba opanda chidindo.

Mapepala akakhala bwino, malo amene ndingakulozereni ndi Mauritius, makamaka Le Morne, kum'mwera chakumadzulo kwa chilumbacho. Ndege yochokera pa bwalo la OR Tambo kuno ku Johannesburg imatenga maola pafupifupi anayi osatera pena, ndipo Mmalawi safunika kupempha viza asananyamuke. Pofika amafuna kuona tikiti yobwerera, keyala ya kumene mukagone ndi umboni woti ndalama zodyera muli nazo, ndipo pali fomu imene mumadzaza pa intaneti musanakwere ndege. Chimene chimapangitsa malowa kukhala oyenera thumba lathu ndi nyengo. Mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imalimba kumeneko m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka cha mu Okutobala, nthawi yomweyo imene kwathu mwera umavutitsa asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Salima, pajatu zonsezi zimachokera mbali imodzi. Miyezi imeneyi si imene alendo ambiri amakonda, chifukwa iwo amathamangira dzuwa la Disembala ndi Januwale, pamene mitengo ili pamwamba, mphepo ili yofooka, ndiponso ili nyengo ya namondwe. Nthawi yanu yabwino ikugwera pamene malo ogona atsikako mtengo, ndipo zoterezi sizichitika m'malo ambiri. Mukapewa tchuthi cha sukulu cha kuno, chimene chimayamba kumapeto kwa Juni, komanso cha ku Ulaya mu Ogasiti, mwatsala ndi kumayambiriro kwa Juni kapena Seputembala, ndipo ine ndingasankhe Seputembala.

Ena akuuzani za matikiti otsika mtengo a mu Febuluwale. Kugula tikiti yotero kuli ngati kubzala chimanga mu Julayi chifukwa choti mbewu yatsika mtengo ku sitolo. Ndalama ya ulendo wotere muziigawa ndi masiku amene mudzakhaladi pamadzi: mukapita masiku khumi mphepo n'kuwomba atatu okha, tsiku lililonse mwaligula pamtengo wowirikiza katatu poyerekeza ndi mnzanu amene anasewera masiku asanu ndi anayi, ngakhale tikiti yake inali yodula pang'ono. Masamba a pa intaneti olosera zanyengo a Windguru ndi Windy amathandiza kuona mphepo ya masiku ochepa akubwerawo, koma posankha mwezi muyang'ane mbiri ya zaka zam'mbuyo ya malowo. Kuti bolodi inyamuke n'kumathamanga pamwamba pa madzi, munthu wa thupi lapakati amafuna mphepo ya ma knot 15 kapena kuposerapo, amene ndi makilomita pafupifupi 28 pa ola, pokhapokha atakhala ndi thanga lalikulu kwambiri.

Tsopano za zida, ndipo yankho langa ndi lakuti muzisiye. Bolodi imatalika mamita awiri ndi theka kapena kucheperapo pang'ono, mlongoti wa masentimita 430 ngakhale mutaugawa pakati umapitirirabe mamita awiri, ndipo mukaphatikiza matanga awiri ndi boom (chogwirira thanga) chikwama chimadutsa msanga makilogalamu 23 amene matikiti ambiri otsika amalola. Makampani ambiri a ndege salandira katundu mmodzi woposa makilogalamu 32, ndipo ena ali ndi malire a kutalika amene bolodi imawapitirira. Tayerekezani muli pa OR Tambo mbandakucha, chikwama chotalika kuposa inu chili chopingasa pa trolley, mukugunda nacho anthu pamzere, kenako wa pa kauntala akuchiyeza n'kukutchulirani mtengo umene simunaukonzekere, ndege itatsala ola limodzi kunyamuka. Mukafika kutsidyako mufunanso galimoto yokhala ndi zomangira pamwamba. Ngati mwatsimikiza mtima kunyamula, kampani ya ndegeyo ikulembereni pa imelo mtengo ndi muyeso wake musanalipire tikiti, ndipo imeloyo muisindikize papepala.

Kubwereka kuli ndi ubwino umene suoneka pa mtengo. Mphepo ikasintha masana mumabweza thanga la masikweya mita 6 n'kutenga la 5 popanda kulipiranso, pamene munthu wonyamula zake amangokhala ndi zomwe anabwera nazo. Chachikulu koposa ndi bwato lopulumutsa anthu. Ku Le Morne madzi a mkati mwa matanthwe a m'nyanja ndi osaya ndiponso odekha, koma pali mipata imene madzi amatulukira mwamphamvu kupita kunyanja yaikulu, ndipo wophunzira amene wathyola mlongoti pafupi ndi mpata wotere amatengedwa akuona. Malo obwereketsa zida amakhala ndi bwato loyang'anira makasitomala awo, tsono mufunse ngati chithandizo chimenechi chili kale mu mtengo. Mafunde otchuka a One Eye, amene mwina mwawaona m'mavidiyo, amasweka pamatanthwe osaya ndipo ndi a akatswiri okha. Inu muwaonere patali. Polemberana ndi obwereketsa zidawo mupemphe mtengo wa masiku angapo amene mungasankhe nokha mkati mwa tchuthi chanu, kuti tsiku lopanda mphepo lisakudyereni ndalama, ndipo inshuwalansi ya zida muilipire, chifukwa wophunzira akagwa mlongoti umakonda kumenya mphuno ya bolodi. Tsiku loyamba muitembenuze bolodiyo, muyendetse chala m'mbali mwake ndi pamphuno, ndipo mng'alu uliwonse muujambule pa foni wobwereketsayo akuona.

Zanu zoyenera kunyamula ndi harness (lamba wa m'chiuno wokolekera ku thanga) imene thupi lanu linaizolowera, wetsuit (chovala choteteza kuzizira m'madzi) yaifupi, popeza madzi a kumeneko ngakhale m'nyengo yozizira safika pa kuzizira kwa ku Cape Town, ndi nsapato za m'madzi, chifukwa pansi pali matanthwe akuthwa ndi tizilombo taminga timene tikakubayani kuphazi tchuthi chathera pomwepo. Zonsezi zimalowa m'chikwama wamba.

Za kogona sindichulutsa mawu. Mahotela a pa Le Morne penipeni si a anthu ngati ife. Mudzi wa La Gaulette uli makilomita ochepa kuchokera pagombe, uli ndi nyumba zalendi zokhala ndi khitchini komanso sitolo yaikulu, ndipo mukakhala atatu kapena anayi mumagawana nyumba ndi galimoto, imene kumeneko amayendetsa kumanzere ngati kuno ndi kwathu. Ufa wa nsima wa masiku khumi sulemera, koma muyambe mwafunsa ngati amalola kulowa nawo, apo ayi mpunga, nsomba ndi dholl puri (mtundu wa chapati) wa m'mbali mwa msewu zidzakusungani bwino. Tsiku limene mphepo yagona mukakwere phiri la Le Morne Brabant, limene UNESCO inaliika m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse mu 2008 pokumbukira akapolo amene ankathawirako.

Wina watchula Dahab ku Egypt, ndipo sanalakwe. Mphepo ya kumpoto imawomba kumeneko miyezi yambiri pachaka, chakudya ndi malo ogona n'zotsika mtengo, koma ulendo wake ndi wautali: maola pafupifupi asanu ndi atatu kukafika ku Cairo, ndege ina yopita ku Sharm el-Sheikh, kenako galimoto, ndipo za viza muyenera kuyamba mwalongosola ku ofesi ya kazembe wa Egypt ku Pretoria. Kwa munthu wa masiku khumi okha, awiri athera m'njira. Ndingausunge ulendo umenewu kuti udzakhale wachiwiri.

Inshuwalansi ya paulendo muiwerenge bwinobwino, chifukwa zina sizilipira ngozi ya masewera a pamadzi, ndipo medical aid ya kuno si nthawi zonse imagwira ntchito kunja. Ndalama za ulendo, ngati muli m'chipereganyu, pemphani anzanu kuti gawo lanu lidzagwe cha mu Malichi kapena Epulo, kuti tikiti mudzagule miyezi ingapo nthawi isanakwane, osati pa ngongole ya khadi.

Miyezi yotsalayi muigwiritse ntchito pophunzira kudzuka ndi thanga muli m'madzi akuya ndiponso kusewera mutakoleka harness, chifukwa kukaphunzira zimenezi kunja ndi kulipira mtengo wa alendo pa zinthu zimene mungaphunzire Loweruka ku Vaal kapena ku Sterkfontein Dam pafupi ndi Harrismith. Ndipo ngati pofika nthawi yogula tikiti pemiti yanu idzakhale ikadali ku Home Affairs kudikira yankho, musatuluke m'dziko muno. Mudikire Novembala mubwerere ku Langebaan, kumene mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imawomba mpaka cha mu Malichi ndipo anthu a ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kuti adzaipeze, ulendo wa Mauritius muusunthire Seputembala wa chaka chotsatira.