Ndilandire mashini a amalume kapena ndilimbe ndekha?

Azakhali, ndine mnyamata wa zaka 26, ndimakhala ku Ndirande. Ndinaphunzira zowotcherera kudzera ku TEVETA koma mpaka pano ndimangogwira maganyu pa shedi ya munthu wina, lero ndalama ilipo mawa ziii. Amalume anga a ku Chilomoni akuti andigulira mashini owotcherera ndi grinder kuti ndiyambe zanga koma mtima ukukana chifukwa ndimawadziwa, akakuthandiza amakalengeza ndi pamaliro pomwe kuti uyu ndinamupanga ndine. Komanso ndikangogwira kangachepe mafoni akumudzi ayambapo, fizi ya mlongo wanga, feteleza, mankhwala a agogo. Nditani?
Wothedwa nzeru, Ndirande

Mwana wanga, tenga mashiniwo, usachedwenso ayi. Ukuti usunge wekha ndalama za maganyu mpaka ugule? Zida zimenezi zimachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 aliyense waona mmene mitengo ikuthamangira, iwe ukasunga theka ukapeze ku Limbe mtengo wasinthanso. Kwina komwe ungapite ndi kwa akatapila, amene adzakunyamulira mashini omwewo ukangophonya mwezi umodzi, kapena banki m'khonde yomwe chiwongoladzanja chake sichidikira kuti kasitomala wakulipira kaye. Amalume olongolola ndi otchipa kuposa onsewa.

Koma usangolandira ndi manja awiri nkumapita. Khala nawo pansi, amayi ako alipo, uwafunse mwaulemu kuti amalume, iyi ndi mphatso kapena ngongole? Mabanja ambiri amadana pa funso limeneli chifukwa silinafunsidwe poyamba, wina akuti ndinakupatsa wina akuti ndinakubwereka, kenako mumve mwana wawo wabwera kudzatenga grinder ati ndi ya adadi. Ikakhala ngongole lembani m'kope, zingati pamwezi mpaka liti, uzitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni uzitsala mufoni. Zolengeza pamalirozo asiye alengeze, ndi zoona kuti anakuthandiza, nanga ubise chani? Mutu umodzi susenza denga. Koma geti ikapindika kapena mabagala akathothoka pa windo la munthu ku Machinjiri sadzafunsa amalume, adzafunsa iweyo, ndiye ntchito yako ikhale yaukhondo ndipo ukalonjeza Lachisanu likhale Lachisanu, magetsi akathima muimbire kasitomala umuuze osati kuzimitsa foni ngati ena aja.

Za kumudzi ndiye pamene anyamata ambiri amagwera. Ndalama imene kasitomala wakupatsa ya dipoziti si yako, ndi ya zitsulo, ma rod ndi penti, ukaitumiza kumudzi geti ya mwini wake upanga ndi chani? Thandiza kuchokera pa phindu basi, ndipo sankha chimodzi chomwe ungakwanitse osaphonya. Ine ndikanasankha fizi ya mlongo wakoyo teremu iliyonse, zinazo uwauze poyera kuti pakadali pano sindingathe, adzadandaula mwezi umodzi kenako azolowera. Matenda a agogo ndi nkhani ina, pamenepo musonkherane ndi abale onse, amalume omwewo alowepo.

Shedi ikayamba kuyenda udzafuna wokugwirira chitsulo podula, kamutenge mmodzi mwa achinyamata akumudzi omwe amakuimbirawo umuphunzitse ntchito, uzimupatsa yake ya sopo pa sabata.