Ndasiya mapilitsi a BP chifukwa cha sauna, ndipitirize?

Adokotala, ndili ku Dublin, zaka 47. Loweruka lililonse anzanga akuntchito amanditengera kunyanja komwe kuli tinyumba tamatabwa totenthetsa ndi nkhuni, ati sauna, timakhalamo mpaka thukuta kamukamu kenako khuvu m'madzi ozizira. Mapilitsi anga a BP, amlodipine, ndinasiya miyezi iwiri yapitayo poti amati thukuta limatulutsa mchere wa BP. Sabata yatha potuluka m'madzi mtima unathamanga, m'maso munada. Bambo anga anapita ndi sitiroko.

Achimwene, mawu anu omaliza aja onena za bambo ndi amene akulembetsani kalatayi, ndipo mantha anuwo ndi oyenera, BP imayenda m'magazi a pabanja. Chondidabwitsa n'choti munthu woopa sitiroko chonchi wasiya dala chinthu chomwe chimamutchinjiriza ku sitirokoyo.

Za thukutazi tiyeni tizithetse lero. Thukuta ndi madzi ndi kamchere pang'ono, ntchito yake kuziziritsa thupi basi, zoipa za m'magazi zimachotsedwa ndi impso ndi chiwindi. Mu sauna kutentha kumafika 80 kapena 90 digiri, mitsempha imamasuka, BP imatsikadi, koma kwa kanthawi chabe, mawa lake yabwerera pomwe inali ndipo inu simumva kalikonse poti BP sipweteka. Maganizo ake ndi omwe aja a nthawi ya Covid, tonse titafundira bulangete pa poto wa masamba a bulugamu, mphuno zinkatsegukadi koma kachilombo kanali phee.

Tsono madziwo. Musayerekeze ndi ku Senga Bay komwe madzi amakhala ofunda chaka chonse, nyanja ya ku Ireland m'miyezi ya February ndi March imatsika pansi pa 10 digiri, ndipo mukalumphiramo mphindi yoyamba ija mpweya umabanika, mumapuma mwabefu osafuna, mitsempha imafinyika kamodzin'kamodzi, BP imakwera, ndiye mutu ukamira thupi limauzanso mtima kuti uchepetse liwiro pomwe kuzizirako kukuuza kuti uthamange, apa ndi pomwe kagundidwe kamasokonekera. Wathanzi amene wazolowera pang'onopang'ono amapirira. Inu mukuchita zimenezi ndi BP yosamwera mankhwala.

Kunyanjako yambani mwaima. Sabata ino pitani kwa GP wanu, dokotala amene amakuonani nthawi zonse, mukanene zoona kuti mapilitsi munasiya liti, sakumenyani. Akuyezeni BP, shuga, impso, akupangeni ECG yoona kagundidwe ka mtima, ndipo za m'maso muda zija muzinene ngakhale zinatha zokha. Musangotola mapilitsi otsala mu kabati n'kumwa awiri kuti mubweze masiku. Akakulolani kubwerera, muzilowa m'madzi choyenda osati kulumpha, mowa ayi, nokha ayi.

Koma chifuwa chikathina, pakamwa pakapotoka kapena dzanja likafooka, musadikire GP, imbani 112, nambala ya zangozi, pompo.