Voisi ya achimwene pa za ulendo wa ku Venice

Achemwali, mwaswera bwanji, ndi nonse m'gulu muno. Funso lanu ndalimva: muli ndi masiku anayi ku Venice pamodzi ndi amayi, ndiye mukuti kodi mudulepo tsiku limodzi muthamangire ku Florence. Ayi, musatero. Sitima yake ndi maola awiri ndi kanthu kupita, chimodzimodzinso pobwerera, amayi akafika ali wefuwefu, mawa lake osadzukanso. Masiku onse anayi khalani pomwepo, ndipo tsiku lililonse muzikonza chinthu chimodzi basi, zinazo muzingokumana nazo m'njira.

Ndiyambe ndi pogona, chifukwa ambiri amalakwitsa pamenepa. Mu mzindawu mulibe galimoto, poti uli pa madzi, m'malo mwa misewu ya galimoto muli ngalande. Basi ndi takisi zimathera pa Piazzale Roma, kuchoka pamenepo ndi miyendo kapena boti. Milatho ilipo yoposa 400, ndipo pafupifupi yonse ndi ya masitepe. Ndiye musanalipire nyumba, afunseni eni ake zinthu zitatu: siteji ya boti yapafupi ndi iti, kuchokera pa sitejiyo mpaka pakhomo pali milatho ingati, komanso chipindacho chili pa nsanjika yachingati, poti nyumba zambiri zakale zilibe lifiti. Milatho ikapitirira iwiri, mawondo a amayi aja ndi sutikesi, isiyeni nyumbayo. Yang'anani dera la Cannaregio kapena la Dorsoduro, kuli bata kusiyana ndi ku San Marco, kumene kuli bwalo lalikulu lodzaza alendo. Adilesi yokha musaidalire, manambala a nyumba kumeneko amawerengera dera lonse osati msewu, mpaka masauzande, ndipo mapu a pa foni amasokonezeka m'timipata. Akutumizireni chithunzi cha chitseko. Ngati mukubwera pa sitima, musatsike pa Venezia Mestre, kumeneko ndi kumtunda. Yanu ndi Venezia Santa Lucia, yomalizira.

Tsopano boti, amalitcha vaporetto, ndiye minibasi yakumeneko. Tikiti imodzi ndi mayuro 9.50, imagwira mphindi 75. Yodula kwambiri. Gulani ya masiku atatu, mayuro 45 munthu mmodzi, mukakwera kasanu yabweza ndalama yake. Maola 72 amayamba kuwerengedwa mukaigunditsa koyamba pa kamakina, ndiye tsiku lofikalo ngati mungathe kuyenda wapansi, muiyambe mawa lake. Muzigunditsa nthawi iliyonse musanalowe pa siteji. Akakupezani simunagunditse, chindapusa, ngakhale tikiti ili m'manja. Masiteji akuluakulu ali ndi zikwere zingapo, A, B, C, ndipo boti la nambala yomweyo limapita mbali ziwiri, choncho werengani chikwangwani. Amayi muwagwire mkono boti likamakocheza, limagunda ndithu.

Nambala 1 ndiye lanu. Limayenda mwaulesi mu Canal Grande, ngalande yaikulu yodutsa pakati pa mzinda, kuima paliponse, pafupifupi mphindi 45 kuchokera ku siteshoni kukafika ku San Marco. Mukwere dzuwa likupendeka, mupite kumbuyo kwenikweni kumene kuli mipando ya panja, mungokhala phee nyumba zikudutsa, masitepe a miyala ali ndi ndere zobiriwira, madzi akumenya pa zitseko. Gondola, bwato lopalasa lonyamula alendo, ndi mayuro 90 kwa mphindi 30 masana, madzulo 110, mtengo wa bwato lonse, anthu osapitirira asanu. Ngati mukungofuna kulawako, pa Santa Sofia kapena pa San Tomà pali gondola yowolotsa anthu, traghetto, mayuro awiri basi. Koma imagwedera pokwera, muone kaye ngati amayi angakwanitse.

Kayendedwe ka tsiku kazikhala motere. Dzukani m'mamawa. Isanakwane 8 koloko pa bwalo la San Marco pamakhala osesa ndi nkhunda, mpata uli mbee. Pofika 10 alendo a tsiku limodzi adzaza, inu muzikhala mutachokapo. Masana bwererani kunyumba, amayi agoneko, mutulukenso cha m'ma 4 kapena 5.

M'mawa umodzi muupereke ku msika wa Rialto. Wa nsomba umatsegula Lachiwiri mpaka Loweruka, m'mawa wokha, Lamulungu ndi Lolemba mupeza matebulo opanda kanthu. Zamasamba ndi zipatso musagwiregwire, lozani, wogulitsa akusankhirani. Tsiku lina mupite ku chilumba cha Burano, kuja kuli nyumba za mitundumitundu: boti nambala 12 kuchokera pa siteji ya Fondamente Nove, pafupifupi mphindi 45, tikiti yomweyo. Nyamukani m'mawa, ndipo musaphatikize ndi zilumba za Murano ndi Torcello tsiku lomwelo, nthawi yonse ithera pa mzere wodikira boti. Kuti muone mzinda wonse kuchokera pamwamba, wolokani pa nambala 2 kupita ku San Giorgio Maggiore, nsanja ya tchalitchi chake ili ndi lifiti. Madzulo, Zattere: njira yotakata m'mbali mwa madzi, pokhala palipo, ayisikirimu aliponso.

Za chakudya, apa mumvetsere. Malo amene munthu waima pakhomo akukuitanani, menyu ili ndi zithunzi, dutsani. Lowani m'timabala tating'ono totchedwa bacaro, mumagulitsidwa cicchetti, tizidutswa ta buledi toikapo nsomba, nyama kapena tchizi, kamodzi mayuro awiri kapena atatu. Mumangoloza pa galasi. Mulawe sarde in saor, tinsomba tokhala ngati usipa wonenepa, tokazinga n'kuviika mu anyezi ndi viniga. Ku Fondamenta della Misericordia malo otere ali ndondondo. Khofi mukamwera choimirira pa kauntala ndi wotchipa, mukakhala pa tebulo mtengo umakwera, ndipo pa bwalo la San Marco amawonjezeranso ya oimba. M'malesitanti pa bilu mupeza mawu akuti coperto, imeneyo ndi ya mpando, munthu aliyense, si kuba ayi. Nsomba yathunthu kawirikawiri amalemba mtengo wa magalamu 100, ndiye funsani kuti yonseyo ikwana zingati asanaiphike. Madzi musagule, tengani botolo, mipope ya m'mabwalo ndi madzi akumwa.

Zokulipiritsani chindapusa: kudyera pa masitepe a mlatho kapena pa bwalo la San Marco, kudyetsa nkhunda, kusambira m'ngalande. M'tchalitchi mapewa ndi mawondo zikhale zophimba, chitenje m'chikwama chithandiza. Kuyambira 2024 pali masiku ena amene olowa mumzinda kwa tsiku limodzi amalipira. Ogona momwemo salipira, koma afunseni a nyumbayo ngati muyenera kulembetsa kuti mukhale ndi QR code.

Ngati ulendowu ndi wa pakati pa Okutobala ndi Januwale, nyanja imatha kukwera. Kuyambira 2020 pali zotchinga za MOSE zimene zimatseka madzi akuluakulu, koma ku San Marco ndi kotsika, kumanyowabe. Ndi maola ochepa chabe, madzi amabwerera okha, mungodikira kapena kuyenda pa matabwa amene amayala. M'madzimo musapondemo opanda nsapato, ndi auve. Ikakhala nyengo yotentha, vuto ndi udzudzu, tengani mankhwala odzola. Ndiye munditumizire mwezi wake ndi nyumba zimene mwaziona, ndikuwerengereni milatho.