Ndiyambire pati pokonzanso fulati yakale?

FUNSO: Ndagula fulati ya zipinda ziwiri zogona m'nyumba yakale yosanja kuno ku Blantyre. Makoma amachita nkhungu nthawi ya chiperoni, madzi a pampopi amatuluka ofiirira m'mawa, ndipo mayunitsi a magetsi sachedwa kutha. Amisiri akundiuza kuti ndigwetse khoma la kukhitchini, ndichotse zitseko zakale ndi kuyala matailosi paliponse. Kodi ndiyambire pati?
Mayi wa ku Blantyre

YANKHO: Mayi, ndalama zanu ziyambe zapita ku zinthu zobisika m'khoma, matailosi adikire. Madzi ofiirirawo akusonyeza kuti mapaipi achitsulo achita dzimbiri mkati, ndipo mukawasiya, tsiku lina pulambala adzaswa matailosi anu atsopanowo pofunafuna pomwe pakudontha. Mawaya nawonso ayezedwe ndi katswiri wa magetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno, chifukwa amene adawaika kalelo sadaganizire za ketulo, ayironi, firiji ndi giza zoyaka nthawi imodzi. Gizayo ndiye amamaliza mayunitsi anu. Muziyatsa pokhapokha mukafuna madzi otentha, ndipo ngati eni nyumba anzanu angalole, ikani pa denga yotenthetsa madzi ndi dzuwa. Mababu onse akhale a LED.

Khoma la kukhitchini musalikhudze injiniya asanalione ndiponso khonsolo ya mzinda wa Blantyre isanavomereze, popeza mwina ndi limene lasenza pansi pa anansi anu a m'mwamba. Mukafuna kumanga khoma lina, gulani mabuloko a simenti m'malo mwa njerwa zootcha, zimene zadyetsa mitengo yambiri ku uvuni.

Pa zitseko ndiye sindikugwirizana nawo amisiriwo ngakhale pang'ono. Ngati ndi za mlombwa kapena mbawa, monga zimakhalira m'nyumba zambiri zakale, matabwa otere ndi osowa masiku ano, ndipo kalipentala akazikwecha bwino n'kuzipaka vanishi, zidzakhalitsa kuposa zitseko zopepuka za m'sitolo.

Nkhungu simathetsedwa ndi penti. Yang'anani kumtunda kwa khoma, mupeza timabowo tolowetsa mpweya timene anthu ambiri amatseka ndi nyuzipepala m'miyezi ya June ndi July pothawa kuzizira. Titseguleni, sunthani makabati atalikirane ndi khoma, ndipo fufuzani ngati bafa la m'mwamba silikudontha. Khomalo liume kaye musanapake penti. Ngati siling'i kapena denga ndi la asibesitosi, musalole mmisiri kuliboola kapena kulicheka, chifukwa fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo.