Bambo anamenya nkhondo ya ku Mozambique, pano pakhomo sipakumvana

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Mufakose kuno ku Harare, dzina sinditchula. Akuti bambo ake kwawo ndi ku Angonia m'chigawo cha Tete, anali msilikali wa Frelimo pa nkhondo yapachiweniweni ija, anabwera kuno nkhondo itatha, pano ali ndi zaka 70 ndipo akukhala kwa iye. Usiku amakuwa kutulo, masana akangomva adzukulu akuchemerera Venâncio Mondlane, wandale wotsutsa boma ku Mozambique, pa foni amapsa mtima mpaka kukana nsima. Nde akufunsa kuti awapanikize bambowo afotokoze zonse kuti mtima uphwe, kapena angoletsa za ndale pakhomo?

Achemwali, zonse ziwirizo ine ndikuti ayi.

Poyamba mumvetse chomwe chimawawawa. Nkhondoyo inayamba 1977 nkudzatha pa 4 October 1992 pomwe Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo, gulu lomwe linkamenyana ndi boma, anasainirana za mtendere ku Rome, ndiye kuti unyamata wonse wa bambo anu unathera mtchire. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, enanso ochuluka chomwecho anathawira ku Malawi, ndipo a ku Angonia ankangodumpha malire kulowa Dedza ndi Ntcheu. Renamo inayambitsidwa ndi thandizo la akazitape a boma la Rhodesia, mumzinda uno momwe usanatchedwe Harare, anthu nkumawatcha Matsanga potengera André Matsangaissa yemwe anaphedwa mu 1979. Tsono Mondlane uja asanaime payekha anali wa Renamo. Adzukulu akuona mnyamata wolankhula mosaopa, agogo awo akumva dzina la anthu omwe anaotcha midzi yakwawo. Anawonso sakulakwatu, Frelimo yalamulira kuyambira 1975, ndipo mavidiyo a achinyamata akuomberedwa ku Maputo pambuyo pa zisankho za 2024 anawaona ndi maso awo pa WhatsApp. Kuletsa nkhaniyo kungopangitsa kuti azinong'onezana kuseri, agogo nkumamva ngati asalidwa m'nyumba momwe. Ingowauzani anawo kuti pa nsima foni pansi, ndipo funso loti agogo munapha angati lisadzamveke ngakhale mocheza.

Za kuwapanikiza ndikuuzeni za malume anga. Iwo sanali msilikali, anali dalaivala wa thiraki pa msewu wa Nyamapanda kudutsa Tete mpaka Zobue, nthawi yomwe magalimoto ankayenda pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Mpaka kumwalira kwawo sankakhala mofulatira chitseko, ndipo usiku wa Nyuwere ana akayamba kuphulitsa makombola awo aja iwo ankakadzitsekera kuchipinda nkukweza wailesi. Ndinawafunsa kangapo, yankho linali loti zakale zimenezo mphwanga. Koma tsiku lina tikutong'ola chimanga pakhonde ku Epworth, osandiyang'ana nkomwe, anangoyamba kuti mnzawo anatsika galimoto kukataya madzi pambali pa msewu, masitepe atatu okha, nkuponda bomba lokwirira. Anati chomwe sachiiwala ndi tiyi wa mnzawoyo, anali akadali wotentha mu kapu kutsogoloko. Atatero anati tandipatsa thumbalo, nkhani nkuthera pompo. Sanadzaibwerezenso, inenso sindinafunse.

Nde khalani nawo manja ali pa ntchito, kaya kusenda mtedza kaya bawo, muziwafunsa za kumudzi osati za mfuti. Msika wa ku Ulongwe unali bwanji, kachewere ankalima bwanji, mayi awo anali munthu otani, anali kuti tsiku lomwe anamva kuti ndege ya Pulezidenti Samora Machel yagwa ku Mbuzini mu 1986. Funso lomalizali achikulire a kumeneko salikana, aliyense amakumbuka pomwe anaima. Akalowa okha mu za nkhondo musadule, musalire mokweza, komanso musathamangire kujambula pa foni musanapemphe, ena amangotseka pakamwa basi.

Za usikuzo musazitenge mopepuka eti. Akamakuwa musawagwedeze, munthu ophunzitsidwa kumenya atha kukupwetekani asanadzuke bwinobwino, yatsani getsi muwaitane muli pachitseko, muwauze kuti muli ku Mufakose bambo, ndine mwana wanu. Kenako apite ku kiliniki. Ndikudziwa madoda a msinkhu umenewo akamva za matenda a maganizo amati sindine wamisala, ndiye pitani nawo kokayezetsa BP, za tulozo mukazitchule komweko iwo ali pompo. Mufunsenso za Friendship Bench, ija anayambitsa Dixon Chibanda ku Mbare, agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kumvetsera anthu omwe akuvutika ndi zomwe anzathu a Chishona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso. Akakana iwo kakhalenipo inuyo, nanunso simukugona.

Mundilemberenso mwezi ukatha, ndikufuna ndimve kuti za Samora zija anayankha chani.