Musathamangire kukagula petulo chifukwa cha mphekesera

Achimwene, musathamangire kukadzaza zigubu chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti namondwe wa ku Mozambique akweza mtengo wa petulo mawa. Mtengowo amalengeza ndi bungwe la MERA, osati eni malo omwetsera mafuta, ndipo ngakhale namondwe atawononga doko la Beira monga anachitira Idai mu 2019, mafuta ena amalowabe kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe.

Kuno ku Mzuzu ndinaonapo mafuta akutha dzuwa lisanafike pamutu chifukwa aliyense ankadzaza thanki mwamantha, anyamata a kabaza n'kubwerera akukankha njinga zamoto. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti mnansi wanga anasunga petulo m'chipinda chogona ana.

Ngati mukufunikadi kusungira jenereta mafuta, yambani mwafunsa ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda za kasungidwe koyenera.