Nyumba ya adokotala inalibe usiku

Achemwali, mwafunsa ngati muwatsate amuna anu achipatala amene akupita kukagwira ntchito kumudzi. Ndemanga za anzathu amene akuti "mutsateni basi, kumudzi mkazi wa dokotala ndi mfumukazi" zandiwawa mtima, ndiye ndiloleni ndiyankhulepo poti ine ndinakulira m'nyumba yoteroyo. Amuna anu akuwatumiza ku chipatala cha kumudzi masiku ano, kuli foni, kuli sola, kuli njinga zamoto. Bambo anga anagwira ntchito imeneyi kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka m'zaka za m'ma 1980, zonsezi kulibe.

Aliyense ankawatchula kuti adokotala koma pa pepala anali medical assistant, anaphunzira pa chipatala cha mishoni. Madokotala enieni achikuda nthawi imeneyo anali owerengeka. College of Medicine ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1991, kale lonselo wofuna udokotala ankakaphunzira kunja kwa dziko lino, monga a Daniel Malekebu a ku mishoni ya PIM ku Chiradzulu amene anamaliza ku Meharry ku America mu 1917, sukulu yomwe anadzaphunzirakonso Kamuzu. Ndiye kumudzi, munthu wovala jekete loyera anali zonse. Kuzula dzino ndi iwo, kusoka bala la nkhwangwa ndi iwo, katemera wa nthomba ndi iwo, azamba zikawakanika amathamangira kwa iwo omwewo.

Ulemu unalipo, sindikana. Nkhuku, mtedza, maungu zimabwera zokha, kumaliro amawakhazika pa mpando pafupi ndi amfumu. Koma nyumba yathu inali kuseri kwa chipatala ndipo odi sankatha, masana ndi usiku womwe. Palafini wa kuchipatala akatha, masirinji agalasi ndi singano amawiritsira pa pulayimasi ya mayi, ife tiyi tidikire. Nsima ya bambo imazizira pa tebulo mpaka mayi kuiwotcha m'mawa mwake. Ife ana tikadwala, yankho linali limodzi: "Imwa kolokwini ugone, ndikuona mawa." Mawalo pakhomo pali kale mzere.

Zimene zinatiswa zinachitika mu February 1974, ine ndili Sitandade 5. Kolera anali atangolowa m'dziko muno chaka cha 1973, ndiye bambo ankayenda m'midzi kuuza anthu kuti aziwiritsa madzi, kunyumba amafika ali wefuwefu. Mayi anali ndi pakati potopa. Usiku wina mvula ikukhuthuka kunabwera amuna awiri ndi nyali, akuti mwana walumidwa ndi njoka tsidya la mtsinje. Bambo anayang'ana mayi. Mayi anati, "Pitani abambo, ine nthawi yanga sinakwane." Anamanga chikwama pa kaliyala ya Humber yawo napita.

Asanafike n'komwe kutali mtsinje unadzaza, ndipo mayi matenda anawayamba. Ndinathamanga mumdima kukadzutsa azamba. Mwana wamng'ono saloledwa m'chipinda chochilira, mukudziwa, koma panalibe wina wodziwa kupopa nyali ya Tilley, ndiye anandiimika pakona kuti ndiziwunikira ndikuyang'ana kukhoma. Mwana anabadwa tambala woyamba atalira, wamwamuna, analira bwinobwino. Azamba anayamba kululutira kenaka anangoti zii. Nsengwa inakana kutuluka. Ndinacheuka ngakhale anandiletsa. Magazi anali atadutsa pa mphasa kufika pa simenti, zitenje zonse za mayi za mu sutikesi zinathera pamenepo, chimodzichimodzi, azamba akufinyira mu beseni lomwe tinkasambira. Fungo lake mpaka lero ndikalowa m'butchala ndimatuluka. Mayi ankangoti "madzi, ndipatseni madzi," milomo itayera, kenaka anandiuza kuti ndisamagwedeze nyali. Manja anga ndi amene ankanjenjemera.

Bambo anafika kukucha, atanyowa thupi lonse, njinga anaisiya tsidya lija n'kuwoloka ndi manja chikwama chili pamutu. Sanalire, sanafunse kanthu. Anabaya jekeseni, anaika diripi botolo lomaliza limene linali pa chipatala chonsecho, anayesa zonse zimene ankadziwa. Kenaka ananena mawu amene sindinawamvepo kwa iwo: "Izi sindingathe pano." Pamafunika magazi ndi fiyeta, ndipo zimenezo zinali kuboma kokha. Anatuma alonda kuthamangira ku positi kukaimba lamya yoitana ambulansi. Anabwerako ndi yankho loti galimoto yatuluka, dikirani.

Tinadikira mpaka dzuwa kukwera. Kenaka bambo anabwereka ngolo, tinayala matiresi, ng'ombe zikuterereka m'matope. Iwo ankayenda pambali atakweza botolo la diripi m'mwamba poti panalibe pokoleka. Mayi anatisiya panjira, tisanafike ngakhale pa msewu waukulu. Bambo anapitirizabe kuyenda mkono uli m'mwamba mpaka mwini ngolo anaimitsa ng'ombe n'kunena kuti, "Adokotala, tsitsani mkono."

Tsono mverani chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero. Ambulansi ija sinapite kukatenga wodwala wina ayi. Dalaivala wake anadzaulula yekha kwa bambo kuti bwana wina wa kuboma anaituma kukatula feteleza kumunda kwake. Feteleza! Ndipo bwana yemweyo anabwera kumaliro pa galimoto yomweyo, atavala suti, n'kuyankhula kuti boma lataya mayi wothandiza. Bambo atalemba kalata yodandaula, chimene analandira ndi transifa yopita dera lina lakutali, pakati pa teremu, ife sukulu n'kusokonekera. Munthu ameneyo anamwalira kalekale koma ine sindinamukhululukire, abusa andilankhula mpaka atopa.

Anthu a m'mudzi nawonso, omwe aja a nkhuku ndi maungu. Maliro asanathe n'komwe kunayamba manong'onong'o, ati dokotala wanji wochiza ana a eni n'kulephera mkazi wake, pamenepa pali kukhwima. Mayi wina amene bambo anamupulumutsira mapasa ndi amene ankafalitsa zimenezi pa chitsime, ndinamumva ndi makutu angawa. Koma titangochoka kumanda m'mawa mwake mzere unali pakhomo monga mwa masiku onse, ndipo bambo anavala jekete lawo loyera n'kupita kukatsegula. Ndinawada tsiku limenelo. Khanda lija analitenga azakhali kukalilera ndi mkaka wa m'chitini, mchimwene wangayo anakula akuwatchula bambo ake kuti amalume.

Atapuma ntchito anatiuza kuti tituluke m'nyumba ya boma. Zaka zonsezo osamanga ngakhale kachipinda kwawo, ndalama zimathera fizi ya ana a abale ndi kugulira odwala sopo ndi shuga. Anakamwalira m'nyumba ya lendi.

Ndiye inu mukufunsa ngati muwatsate amuna anu. Atsateni. Musawasiye okha kumeneko, munthu amene amaona imfa tsiku ndi tsiku akamabwerera m'nyumba yopanda munthu amayamba kachasu, ndinawaona anzawo a bambo akutha choncho. Ndipo ana amakula bwino kumudzi, ife tinkadya zakumunda, tinkasambira kumtsinje, sindinamvepo njala. Musamawaletsenso akagogoda anthu usiku. Mwana wa njoka uja anachira, pano ndi gogo wa zidzukulu, timapatsana moni tikakumana pa maliro, ndipo mayi anga akanadzuka lero akanatinso pitani abambo.

Koma mukakhala ndi pakati musadalire kuti amuna anga ndi achipatala. Mwezi wachisanu ndi chinayi usanakwane nyamukani mukadikirire ku chipatala cha boma komwe kuli magazi ndi fiyeta, akukanizeni asakukanizeni. Mukhale ndi ndalama yanuyanu pa Mpamba kapena Airtel Money imene iwo sakuidziwa, ndi nambala ya munthu wa galimoto wa pa trading, osati kudikira ambulansi. Puloti mugule chaka choyamba chomwecho, njerwa muziumba pang'onopang'ono, dzina lanu likhalepo pa mapepala. Nkhuku za anthu muzilandira koma musamaulule za m'nyumba mwanu pa mjigo. Ndipo musanalongedze katundu, imbirani munthu wa kumeneko mumufunse ngati mlatho wawo umadutsika mu February.